Timizere Tomwe Ottilia Anataya

Damu la pa Nsenjere, kufupi ndi Vubwi, linayamba kuchucha mu Seputembala. Silinali damu lalikulu ayi. Linali khoma ladothi lomwe alimi a kalabu ya kumeneko anaunjika okha zaka khumi ndi zisanu zapitazo, kutseka kamtsinje kuti azithirira kabichi ndi anyezi m'chilimwe. Tsopano kumunsi kwa khomalo kunatuluka chigamba chonyowa, udzu wake uli biriwiri pamene kwina konse kunali kouma gwaa. Ng'ombe ikaponda pamenepo mwendo unkamira mpaka m'bondo.

Wapampando wa kalabuyo, a Jailos Daka, anaimbira foni mwana wa mlongo wawo, Ottilia Njobvu wa ku Mkaika. Ottilia anali atangomaliza maphunziro a uinjiniya ku Lusaka ndipo ankakhala pa Katete kudikira ntchito.

"Mvula ikagwa damu ili likutisiya," anatero a Jailos. "Anthu okumba ndili nawo. Sindidziwa pokumba basi. Ena akuti kumanzere, ena akuti pakati, mwina tingaboole chinthu chathu chomwe."

Ottilia anapita sabata yomweyo. Anayeza khomalo ndi tepi, anatapa dothi m'matumba, ndipo anazika timapaipi titatu m'khomamo, kena pamwamba, kena pakati, kena kumunsi, kuti a Jailos azilowetsamo bango m'mawa uliwonse n'kuona pomwe madzi afika. Atatero anabwerera ku Katete mtima uli dyokodyoko. Aka kanali koyamba kuti zimene anaphunzira zigwire dothi lenileni, la anthu omudziwa.

Magetsi pa Katete ankangozimazima, choncho ntchito ankagwirira kwa mnzake wa kusekondale, Bilqis Kamal. Bilqis anali ndi kashopu kosindikiza makalata ndi kukonza mafoni kuseri kwa sitolo ya nsalu ya atate ake, ndipo padenga panali sola. Iye anaphunzira zamakompyuta ku Chipata, ndipo pulogalamu ikamukanira sankaisiya mpaka itagonja.

Ottilia anamufotokozera ntchito yonse tsiku loyamba. Kuti kompyuta iwerengere momwe madzi amayendera m'khoma, umajambula khomalo ngati walidula pakati, kenako chithunzicho umachigawa tizidutswa tambirimbiri ta ngodya zitatu, tolumikizana pa mfundo ngati ukonde. A ntchitoyi ukondewo amautcha meshi. Pulogalamu ina imaluka ukonde, ina imawerengera madzi. Chotsala n'kungonyamula ukondewo kuchoka kwa woluka kupita kwa wowerengera.

"Basi?" anafunsa Bilqis, akumata galasi pa foni ya kasitomala.

"Basi. Mawa lomweli amalume adziwa pokumba."

Lachisanu m'mawa ukonde unali utalukidwa, wokongola pa sikirini ngati mphasa yatsopano. Ottilia anadina batani loutumiza ku pulogalamu yowerengera. Pulogalamuyo inaganiza pang'ono, kenako inalavula mawu ofiira psuu: m'fayilomo muli zinthu zosiyana mitundu, iyo siingalandire.

Anayesanso. Mawu omwewo. Atatsegula fayiloyo anapeza kuti woluka uja sanalembemo tizidutswa tokha. Munali tizidutswa 4,212, komanso timizere 318 ndi timadontho titatu. Timizereto tinangogona m'mphepete mwa chithunzi, pamwamba pa m'mbali mwa tizidutswa tomwe tinalipo kale. Kamzere kalibe mkati, kadontho ndiye kalibiretu ngakhale utali. Madzi angayende bwanji m'zinthu zotero?

"Zinyalala izi," anatero Ottilia. Anatisankha tonse, timizere ndi timadontho tomwe, n'kutifufuta.

Ulendo uno pulogalamu inalandira fayilo mosanyinyirika. Ottilia analumpha pampando n'kuwomba m'manja.

"Yalowa! Bilqis, tabwera uone, yalowa!"

Awiriwo anapanikizana mitu pa laputopu kudikira chithunzi cha madzi. Chinatuluka. Damu lonse linali buluu, mtundu umodzi kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Palibe madzi olowa, palibe otuluka.

"Ndiye kuti damu la amalume ako ndi labwinobwino," anatero Bilqis, akudziletsa kuseka. "Aimbire uwauze kuti matope amene akupondawo akulota."

Ottilia sanaseke. Anakhala pansi, dzanja patsaya. Masamu ake anawayang'ana kawiri, manambala a dothi anali olondola. Nanga chalakwika n'chiyani?

Bilqis anakoka laputopu. "Fayilo yoyamba ija, isanafufutidwe, uli nayo?"

"Ilipo."

Anaitsegula ngati kalata wamba, mizere ya manambala yokhayokha, n'kuyamba kutsika nayo pang'onopang'ono, chala chili pa sikirini. Pafupi ndi pamwamba anaima.

"Iwe, mawu awa analemba ndani? Pali 'madzi', pali 'kumunsi', pali 'thanthwe', pali 'pamwamba'."

"Ndine. Pojambula ndinatchula mbali iliyonse ya khoma dzina lake, kuti pulogalamu idziwe komwe madzi akukankha ndi komwe angatulukire."

"Tsono taona. 'Madzi' ndi nambala 11. Tizidutswa tako tonse tili ndi nambala 1. Nambala 11 ili pa ndani?"

Ottilia anayang'ana. Anatsika m'munsi, anakweranso. Kenako anagwira kukamwa.

"Ili pa timizere."

"Timene wataya?"

"Timene ndataya! Mayo ine!" Anaimirira, anazungulira kashopuko, anagunda bokosi la mapepala. "Mayina onse ananyamula ndi timizere tija! Ine ndapatsa pulogalamu khoma lopanda kutsogolo, lopanda kumbuyo. Iyo ikanadziwa bwanji kuti madzi ali mbali iti? Ndipo timadontho titatu tija ndi timapaipi ta amalume!"

Anaseka mpaka misozi, manyazi ndi chimwemwe zitasakanikirana. A Kamal, atate a Bilqis, anasuzumira pakhomo lapakati, sizasi ili m'manja, kufunsa ngati wina wapsa ndi magetsi.

"Ayi atate, tapeza chomwe chinatayika," anayankha Bilqis.

Koma vuto loyamba linali pomwepo. Timizere tikakhalamo, pulogalamu ikukana. Tikachoka, ikulandira koma siidziwa kanthu. Anakambirana mpaka dzuwa linafika pamutu. Bilqis ndiye anati asiye kukakamiza zonse kulowa pakhomo limodzi: alembe kapulogalamu kakang'ono kolekanitsa fayiloyo pawiri. Tizidutswa tipite patokha, ndito thupi la damu. Timizere tipite padera, osati ngati thupi, koma ngati zikwangwani: kamzere kalikonse kakafufuze m'mbali mwa kachidutswa komwe kagonapo, kamatepo dzina lake. Timadontho nato chimodzimodzi, kalikonse pa mfundo yake.

A Kamal atatseka sitolo kupita ku mzikiti, atsikanawo anatsala akulemba. Bilqis zala zili patapata pa mabatani, Ottilia ataima kumbuyo kwake akumuuza kuti dzina lakuti likutanthauza chiyani. Chakudya chamasana chinali mtedza wokazinga ndi madzi.

Cha m'ma thili koloko anayesa. Chithunzi chinatuluka cha mitundu yambiri, chofiira, chachikasu, chobiriwira. Ottilia anakuwa. Koma kukuwako kunathera panjira. Madzi a pa chithunzicho ankalowa pansi pa thanthwe, kukwera phiri, n'kukatulukira pamwamba penipeni pa khoma, pomwe anthu amayendapo ndi njinga.

Bilqis anagwa chagada pampando ndi phwete. "Wallahi, amalume ako alemera. Damu lawo lili ndi kasupe pamutu!"

"Mayina amatidwa polakwika," anatero Ottilia, akupukuta m'maso. "Koma bwanji? Kamzere kakuti kali pakati pa mfundo 40 ndi 41. Takauza kapite pomwepo."

Anasindikiza manambala a mfundo monga analiri m'fayilo, ndi monga analiri m'kati mwa pulogalamu yowerengera, n'kuwaika pambali pa anzake. Apa ndi pomwe anagwira mbala. Pulogalamuyo, ikalandira ukonde, inkapatsa mfundo zonse manambala atsopano mwa dongosolo lakelake kuti iwerengere msanga. Mfundo 40 ya m'fayilo kumeneko inali 907. Timizere tinkapita ku manambala akale, n'kupeza eni ake atasamuka.

"Ndiye tisafunse nambala," anatero Ottilia, mawu akuthamanga. "Tifunse malo. Mfundo ingasinthe dzina koma siichoka pomwe ili. Kamzere kanene kuti nsonga zanga zili pamalo akutiakuti, ife tipeze mfundo zomwe zakhala pamenepo."

"Ndipo tiwerenge," anawonjeza Bilqis. "Timizere 318 tatuluka, 318 tifike. Kamodzi kakasowa malo, kapulogalamu kakuwe, kasangokhala chete."

Analemba. Anayesa. Pansi pa sikirini panatuluka: timizere 318, tofika 318, timadontho 3, tofika 3. Ndipo chithunzi chinabwera monga Ottilia anachionera m'mabuku: madzi kulowa mbali ya damu, kutsetsereka m'kati mwa khoma mokhotera pansi, kukatulukira kumunsi. Awiriwo anakumbatirana n'kudumphadumpha mpaka makina osindikiza anagwedera. Mayi wina amene anabwera kudzasindikiza chikalata cha kuchipatala anangoima pakhomo kukamwa yasa.

M'mawa mwake a Jailos anatulukira pa Katete. Anabwera kudzatenga mbewu ya mtedza ya kalabu, ndipo m'thumba la malaya anali ndi kakatoni kolembapo miyeso ya timapaipi titatu tija. Ottilia anawakhazika pampando wabwino n'kuwatembenuzira laputopu.

"Amalume, damu lanu ndi ili. Kofiiraku ndi komwe madzi akukankha mwamphamvu. Akuyenda chonchi, n'kudzatulukira apa."

A Jailos anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali, mutu uli pendekete.

"N'zokongola, mphwanga," anatero. "Koma makinawa akunena timadzi tochepa, pansi penipeni. Kwathu konyowa kukuyambira m'mwamba, kufika m'chiuno mwa munthu, ndipo ndi malo amodzi okha."

Ottilia anatenga kakatoni kaja. Kapaipi ka pamwamba: bango linapeza madzi litatsika mita imodzi ndi masentimita 90. Kompyuta inati mita imodzi ndi 95. Ka pakati: kakatoni mita imodzi ndi 10, kompyuta mita imodzi ndi 30. Ka kumunsi: kakatoni masentimita 30 okha, kompyuta mita yathunthu. Chimwemwe chadzulo chinaphwa pang'ono. Kumtunda zinkagwirizana, kumunsi ayi. China chake chinkathamangitsa madzi m'khomamo chomwe iye sanachijambule.

"Amalume, m'khoma muja muli chiyani china kupatula dothi? Mwala, chitsa, chilichonse?"

"Dothi lokhalokha. Tinasinja tokha ndi mipini." Anakanda kumutu. "Kupatula chipaipi chija, koma chimenecho n'chakufa."

Ottilia ndi Bilqis anayang'anana.

"Chipaipi chiti?"

"Chachitsulo. Pomanga tinachigoneka pansi kuti madzi a mtsinje azidutsa ife tikuunjika dothi. Titamaliza tinachitseka ndi simenti mbali zonse n'kuchikwirira. Mkati mwake simudutsa ngakhale dontho, ndikulumbira."

"Mkati simudutsa," anatero Ottilia, atayamba kale kuimirira. "Nanga kunja kwake? Pansi pa chipaipi mpini sufika, amalume. Dothi la pamenepo silinasinjike. Madzi apeza msewu wawo motsatira chitsulocho!"

A Jailos anavula magalasi n'kumenya pabondo. "Ndipo ponyowa paja ndi pomwe chinkatulukira! Ine mutu wangawu!"

Bilqis anafunsa ngati achijambule ndi tizidutswa. Ottilia anakana. Khoma linali mamita makumi awiri kupingasa, kanjira ka madziko mwina kopyapyala ngati chala. Kukadula tizidutswa ta msinkhu umenewo ukonde ungakule mpaka laputopu kulira. Chinthu chachitali, chopyapyala chotero chimayenera kukhala mzere basi.

"Dzulo umati zinyalala," anatero Bilqis. "Lero ukuwonjezera tina?"

"Tsegula fayilo, usandichedwetse!"

Timizere tatsopanoti tinali tosiyana ndi toyamba tija. Toyamba tinali m'mphepete, tongonyamula mayina. Iti tinadutsa m'kati mwa khoma ndipo tinali ndi ntchito yakeyake, yonyamula madzi mofulumira kuposa dothi. Ottilia anajambula mzere pomwe a Jailos analoza, anautcha 'chipaipi', n'kuuza woluka aluke ukonde mwatsopano kuti mfundo zigwere pa mzerewo ndendende. Bilqis anaphunzitsa kapulogalamu kake kusiyanitsa: kamzere ka m'mphepete kamakhudza kachidutswa kamodzi, ka m'kati kamakhudza tiwiri. Koyamba kanakuwa kuti timizere tiwiri tasowa malo, chifukwa nsonga ya mzere inaphonya m'mphepete ndi kamtunda kosaoneka ndi maso. Anakonza. Anayesanso.

Chithunzi chinasintha maso awo akuona. Lilime lofiira linatambalala pansi pa khoma kutsatira chipaipi, ndipo madzi anakwera kumunsi kuja n'kutulukira m'mwamba. Mphamvu ya kanjirako sankaidziwa, choncho Ottilia anaisintha katatu mpaka kapaipi ka kumunsi kanagwirizana ndi kakatoni. Chomwe ankadikira n'chakuti tina tiwiri tija titani, poti sanatikhudze.

"Amalume, werengani ka pakati."

"Mita imodzi ndi teni."

"Kompyuta ikuti mita imodzi ndi thwelofu! Ka pamwamba?"

"Imodzi ndi nayinte."

"Imodzi ndi nayinte wani!"

A Jailos anaimirira, munthu wamkulu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, n'kuvina pang'ono pakati pa mabokosi a mapepala, kakatoni ali nako m'mwamba. A Kamal analowa, anamva nkhani yonse, anati "Alhamdulillah," kuthokoza Mulungu, n'kutumiza tiyi wa mkaka kwa onse. Anakumbutsa mwana wawo kuti asunge kapulogalamuko malo awiri.

Madzulo asanafike Ottilia anali atayesa njira zingapo pa kompyuta. Yomwe inaoneka yabwino inali iyi: ayambe atsitsa madzi a m'damu ndi mita imodzi kuti khoma lipume, kenako akumbe ngalande ya mamita anayi kumapeto kwa chipaipi, ayalemo mchenga wa kumtsinje, pamwamba pake timiyala, kuti madzi azituluka koma dothi lizitsala.

Lolemba ananyamuka onse atatu. Bilqis anapachika chikwangwani pa shopu chakuti abwera Lachinayi. Anati sangalembe chinthu n'kulephera kukaona ngati chinanena zoona. Anadzera ku Chadiza, fumbi lili koboo, laputopu ataikulunga m'chitenje. Pa Nsenjere anapeza alimi atayamba kale kukoka madzi ndi mapaipi apulasitiki kugwetsera m'madimba, poti a Jailos anali ataimba foni. Anyezi sanamwepo chotero chaka chonsecho.

Lachitatu m'mawa madzi anali atatsika. Ottilia anayeza kuchokera pa kapaipi ka kumunsi, anakhoma zikhomo zinayi, n'kumanga chingwe. Anthu makumi atatu anaima ndi makasu ndi mafosholo. Mayi wina wamtali, a Filomena, amene dimba lawo linali loyamba kumunsi kwa damu, anafunsa mosabisa:

"Tsono mwanawe, makina akowo anafikako kuno? Adziwa bwanji za pansi pa nthaka yathu?"

"Sanafike, amayi. Anauzidwa ndi amalume ndi bango lawo. Tikakumba osapeza kanthu, mundiseke."

Anakumba mosamala, pang'onopang'ono, Ottilia akuletsa aliyense wofuna kulowa m'kati mwa khoma. Dothi lofiira linasanduka lakuda, lakuda linasanduka phala. Atafika m'chiuno, fosholo ya a Filomena inalira ngwee! Anapalasa ndi manja. Chitsulo chadzimbiri chinaonekera, simenti yake ili bwinobwino kukamwa, ndipo pansi pake, mbali yamanzere, kamadzi kodera kankatumphuka ngati kakuwira.

Nthungululu inamveka mpaka kutsidya. Bilqis, amene chibadwire sanapondepo m'matope a dimba, analumphira m'ngalandemo ndi nsapato zomwe, foni ili m'manja kujambula, akukuwa kuti, "Ndi pomwepa! Ndi pomwepa, Ottilia!" Ottilia anangogwada m'mphepete, anaika dzanja m'madzimo, nawamva kuzizira kwake akudutsa m'zala.

Mchenga anayala tsiku lomwelo, timiyala m'mawa mwake. Pofika masana a Lachinayi madzi otuluka m'ngalande anali oyera mbee, osanyamulanso dothi, ndipo bango la a Jailos linapeza kuti m'kapaipi ka kumunsi madzi atsika ndi chikhatho chathunthu. A Filomena anali atayamba kale kukangana ndi anzawo za yemwe adzalime mpiru pomwe madzi a ngalandeyo akuthera.

Atsikanawo akumanga katundu, panafika bambo wina pa njinga yamoto, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anati dzina lawo ndi a Julius, achokera kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, ndipo mbiri ya damuli yawapeza kumsika. Kwawo kuli madamu awiri, lina likuchucha, lina lang'ambika pamwamba.

Ottilia anayang'ana Bilqis. Bilqis anayang'ana nsapato zake zamatope, kenako anatulutsa foni.

"Atate," anatero itayankhidwa, "pa chikwangwani paja pafufutidwe Lachinayi. Mulembe Loweruka."